Mfuti Yolemera Basi

Mukadzamva za dziko lotchedwa Ndagwada, musadzavutike kulifuna pa mapu. Ojambula mapu anapitako ndithu, koma atangofika pamalire anauzidwa kuti agwade, ndipo munthu wogwada saona patali. Anabwerera kwawo ndi mapepala oyera komanso maondo otupa.

Dzikoli linkalamulidwa ndi Mfumu Chilemere Wachiwiri, munthu wa thupi lodalitsika, amene mimba yake inkafika m'bwalo mwini wake akadali pakhomo. Mfumuyi inali ndi mwambo wina umene inkaukonda kuposa chakudya, ndipotu chakudya inkachikonda. Ikamaliza kulankhula, mlengezi wake, mkulu wa kukhosi kosatopa dzina lake Fuulani, ankakuwa kuti, "Mfumu yathu!" Apo anthu onse ankayenera kuyankha katatu ndi mawu otsiriza amene atuluka m'kamwa mwa mfumu. Ikatsiriza ndi chitukuko, dziko lonse linkayankha kuti, "Chitukuko! Chitukuko! Chitukuko!" ngakhale m'mimba muli pululu. Tsiku lina mfumu inatsiriza ndi kugeya. Anthu anayesetsa ndithu.

Koma nkhani yathu inayambira pa thumba la feteleza.

Chaka china mfumu inagawa feteleza m'matumba osindikizidwa nkhope yake. Matumbawo ankachoka kunyumba yachifumu ali odzaza bwinobwino, koma m'njira ankadutsa m'manja mwa nduna, ndipo manja a nduna za ku Ndagwada ali ndi kutentha kwina kosungunula katundu. Pofika kumsika wa Tingopenya, thumba lija munthu ankalinyamula ndi dzanja limodzi, linalo akudyera chimanga chootcha. Ndiye a Yotamu, amuna awo a Nangozo a sitolo ya zitsulo, analinyamula thumbalo, n'kuyang'ana nkhope inali pamenepo, n'kunena mokweza kuti, "Koma amfumu athu apepukatu chaka chino!"

Msika wonse unafa ndi phwete. Koma inunso mukudziwa kuti katundu akapepuka ndi nkhani ya sikelo, pamene munthu akapepuka ndi nkhani ya mlandu.

Nduna ya Mawu ndi Ulemu, a Elifazi Gwetsani, sanachedwe. Anali munthu woonda, wa tayi wautali ndi mtima waufupi, amene ankamva kunyozedwa kwa mfumu mfumuyo isanakumve. Analemba lamulo lakuti palibe chinthu cha mfumu chingatchedwe chopepuka: kaya ndi thumba, kaya ndi nsapato, kaya ndi nthenga ya nkhuku ya mfumu. Aliyense wotchula mawuwo ankatumizidwa ku Phiri la Ulemu kukasenza miyala kuchoka nayo pansi kupita nayo pamwamba, mpaka adziwe tanthauzo la kulemera. Masikelo onse a m'dzikomo anakonzedwa kuti chinthu cha mfumu chikangoikidwapo aziloza makilo makumi asanu. Mfumuyo anthu anayamba kuitchula kuti Olemera. Ndipo woyamba kukwera phirilo anali a Yotamu.

Anthu a ku Tingopenya, pakamwa atawatseka, anaboola kadzenje kopumira. Chinthu cha mfumu chikakhala chopepuka, ankathyola bondo n'kunena kuti n'cholemera mwaulemu. Chikakhala cholemeradi, choti n'kuthyola msana, ankangoti n'cholemera basi. Ngakhale mwana wongoyamba kulankhula ankadziwa kusiyana kwake. Osadziwa anali a kunyumba yachifumu okha, chifukwa iwo sankapita kumsika, msika ndi umene unkapita kwa iwo.

Tsono chaka chilichonse kunkakhala Tsiku la Chikondi, pamene mfumu inkayenda pakati pa msika wa Tingopenya popanda msilikali ngakhale mmodzi, kuti dziko lione mmene anthu ake amaikondera. Patapita zaka zitatu, tsikulo litayandikira, mfumu inkadutsa pa galimoto pafupi ndi msika pamene chubu cha njinga ya kabaza chinaphulika kuti phuu! Dalaivala atacheuka anapeza mpando wakumbuyo ulibe munthu. Olemera anali atalowa kunsi kwa mpando, malo oti ngakhale mphaka angayambe waganiza kaye, ndipo zinatengera asilikali ndi botolo la mafuta ophikira kuti awatulutsemo.

M'mawa mwake bwalo linakumana.

"Anthu anga amandikonda," inayamba motero mfumu, ikununkhirabe mafuta. "Amandikonda kwambiri moti ndikufuna mfuti."

Nduna zinaomba m'manja.

"Pali mfuti ya gogodela ya agogo anu ija, Olemera," inatero Nduna ya Chitetezo.

"Ija yonyamulidwa ndi anthu awiri? Ukufuna ndiyende mumsika ngati ndikupita kosaka njati? Ndikufuna kamfuti kakang'ono koti ndibise m'chiuno, kunsi kwa mkanjo. Mfumu yokondedwa siyenda ndi mfuti yooneka."

"Nzeru zakuya," inatero Nduna ya Chitetezo, "koma pepani, Olemera, ikabisika anthu aziopa chiyani?"

Funso limeneli linavuta kwambiri. Nduna zinatsutsana mpaka tiyi anabwera, zinatsutsanabe mpaka tiyi anatha. Pomaliza anagwirizana kuti mfutiyo ibisike ndithu, koma wailesi ya boma izilengeza m'mawa, masana ndi madzulo kuti yabisika. Anagwirizananso zosindikiza zitenje za amayi ovina, zokhala ndi chithunzi cha mfutiyo, pansi pake palembedwe kuti PALIBE AKUDZIWA.

"Chatsala chimodzi," inatero mfumu. "Lamba wanga mukumudziwa. Samanga m'chiuno ngati wa anthu ena, amangokhala kunsi kwa mimba mwa chikhulupiriro. Ndikamukoleka chitsulo cholemera, thalauza likhoza kundisiya. Choncho mfutiyo ikhale yopepuka."

Nduna ina inameza malovu, ina inayang'ana kudenga ngati yaona buluzi wa kwawo. Fuulani, amene khosi lake silinkadikira mutu, anali atakoka kale mpweya kuti akuwe, koma a Elifazi anamuponda chala cha kuphazi ndi mphamvu zonse za unduna wawo. Mwamwayi mfumu inaonjezera kuti, "Mwamva?"

"Mfumu yathu!" anakuwa Fuulani, misozi ili mbwee.

"Mwamva! Mwamva! Mwamva!" zinayankha nduna, mitima ikubwerera m'malo.

Mlembi wa bwalo analemba kuti Olemera akufuna mfuti yolemera.

"Iwe Elifazi ndiwe ukagule," inatero mfumu. "Ndikatuma enawa andibweretsera theka la mfuti. Koma umvetsetse. Thalauza langa likadzatsika, iwe udzakwera."

Sinanene kuti akakwera chiyani. Pa zenera la bwalo Phiri la Ulemu linkaoneka bwino lomwe, ndipo a Elifazi ankalidziwa kuposa wina aliyense, popeza ndiwo analisankha chifukwa cha kutalika kwake. Anatuluka m'bwalomo ali m'madzi. Akabweretsa mfuti yolemera, phiri. Akatchula mtundu wa mfuti imene akufuna, phiri lomwelo. Msampha anatchera okha, ndipo unali wabwino zedi.

Mumzinda wonse sitolo yokhala ndi chiphaso chogulitsira mfuti inali imodzi yokha, ndipo tsoka silinunkha, inali ya a Nangozo. Kutsogolo ankagulitsa makasu, misomali, maloko ndi misampha ya mbewa, pamene mfuti zinkakhala m'kabati yachitsulo kuseri. A Nangozo anali mayi wamtali, wosaseka wamba, amene chichokereni amuna awo ankayendetsa sitolo okhaokha ngati munthu woti akusunga mpando wa mnzake.

A Elifazi anafika mwachinsinsi, atavala magalasi akuda, pa galimoto ya boma yokhala ndi mbendera. Popeza wailesi inali italengeza kale za chinsinsicho, anapeza msika wonse ukuwadikira pa mazenera a sitolo.

"Takulandirani, bwana nduna," anatero a Nangozo. "Lero mwabwera nokha? Paja mumangotuma apolisi."

"Mayi, ndabwera ngati munthu wamba. Ndikufuna mfuti yaing'ono, yoti munthu akaiika m'chiuno asaimve n'komwe."

"Munthu wake ndani?"

"Munthu wina wake. Wamkulu."

"Wamkulu msinkhu kapena wamkulu mimba?"

"Wamkulu m'dziko!"

"Ohoo, ndiye kuti ndi ya amfumu," anatero a Nangozo, n'kuthyola bondo. Anthu a pa mazenera nawo anathyola maondo, moti kwa kanthawi mitu yonse inasowa, kenako n'kutulukiranso. "Olemera akufuna yotani? Nenani mosaopa, bwana, muno ndi mwanu."

A Elifazi anamasula tayi pang'ono. "Akufuna yoti, mmene ndinganenere, yosalemera."

"Mayo ine!" anatero a Nangozo atagwira pakamwa. "Mwati amfumu athu akhale ndi chinthu chosalemera? Asauka liti? Anthuni, mwamva?"

"Sitinamve!" anayankha anthu a pa mazenera, mokondwa kwambiri.

"Sindinatero! Ndati yonyamulika!"

"Zinthu za amfumu zonse n'zonyamulika, bwana. Sife timanyamula?"

Thukuta linayamba kuyenderera m'khosi mwa nduna. Anayang'anayang'ana pansi, n'kutola nthenga ya nkhuku imene inalowa ndi mphepo. Anaiika pachikhatho, n'kuiuzira, nthenga ija n'kuuluka. Kenako analoza kabati ya mfuti, akutukula zikope.

"Mukufuna yophera nkhuku?" anafunsa a Nangozo. "Mpeni ulipo, ndi wotchipa."

A Elifazi anapukusa mutu. Anaima ndi zala za kuphazi, n'kutambasula manja, n'kuyamba kudumphadumpha uku akukupiza mikono ya jekete. Nduna yathunthu ya boma, imene dzina lake lokha linkatontholetsa ana, inazungulira mulu wa makasu ikukupiza ngati nkhuku yothiridwa madzi.

"Aaa, ya mbalame!" anatero a Nangozo. "Bwanji osangonena? Legeni ndili nazo zambiri."

Panja mayi wina wogulitsa matemba anakhala pansi n'kudziluma chitenje, mapewa akugwedezeka. Munthu wina atamufunsa chimene chavuta, anati wakumbukira maliro.

Pomaliza a Nangozo anatsekula kabati ija n'kutulutsa mfuti ziwiri, n'kuziyala pa nsalu. Ina inali yaifupi, yachitsulo chokhachokha, yonyezimira ngati supuni ya alendo. Inayo inali yotalikirapo pang'ono, yakuda, yosakongola, thupi lake la pulasitiki.

"Zobisika m'chiuno ndi ziwirizi. Sankhani."

"Ziikeni pa sikelo," analamula a Elifazi, akumva kuti nzeru zawabwerera.

A Nangozo anaika yonyezimira ija. Sikelo inaloza makilo makumi asanu. Anaichotsa n'kuika yakuda. Makilo makumi asanu. Nthenga ija nayo inali itatera pa tebulo, ndipo a Nangozo anaiikaponso, poti inali itagwiridwa ndi dzanja la boma.

"Makumi asanu," anawerenga mwaulemu. "Sikelo yabwino iyi, bwana. Munaikonzetsa ndinu."

A Elifazi anaganiza zongonyamula okha. Koma lamulo lomwelo linkati chinthu cha mfumu chizinyamulidwa ndi manja awiri, wonyamulayo akubuula. Komanso chilowereni unduna, manja awo anali asananyamulepo kanthu koposa foloko, moti ngakhale chikwama chawo chinali ndi munthu wake wolembedwa ntchito. Ananyamula yonyezimira n'kubuula. Ananyamula yakuda n'kubuulanso. Atazitula sanathe kudziwa kuti kubuula kwenikweni kunali kuti, chifukwa mikono yonse inkangonjenjemera chimodzimodzi.

Apa m'pamene a Nangozo anasiya masewera. Anatsamira pa tebulo n'kutsitsa mawu moti a pa mazenera sanamve.

"Bwana, mawu amene mukuwafuna ndikuwadziwa. Inunso mukuwadziwa, ali pansonga ya lilime lanu. Anenereni m'khutu mwangamu kamodzi kokha. Sindidzauza munthu, ndikulumbira pali amayi anga kumanda. Mukatero ndikupatsani yoyenera, mubwerere kwanu mukagone tulo."

"Mukufuna kundikola."

"Wokola anthu m'dziko muno ndi ndani? Amuna anga mvula yawagwera katatu ali paphiri paja. Ndikapita kukawaona ndimapeza khosi likulowa m'mapewa. Sanabe, sanaphe munthu, anangonyamula thumba n'kunena zimene dzanja linawauza. Ndikungofuna ndimve mawu omwewo akutuluka m'kamwa mwa munthu amene anawaletsa, kuti ndidziwe kuti amuna anga sanali amisala."

Kunena zoona, mawuwo anawakhudza a Elifazi. Anaona maso a mayiyo ali ofiira ndipo anachita manyazi, chinthu chimene anali atachiiwala kakomedwe kake. Milomo inayamba kusonkhana kuti ipange "yo". Koma mantha anali aakulu kuposa manyazi. Anakumbukira makutu onse amene iwo eni anadzala m'misika, ena mwa iwo osawadziwanso nkhope, ndipo anaongola tayi.

"Mayi, mawu amenewo m'chilankhulo cha dziko lino mulibe."

A Nangozo anaimirira bwinobwino n'kukweza mawu kuti aliyense amve.

"Chabwino, bwana. Ine sindinamiza kasitomala, ndikuuzani m'chilankhulo chimene munatisiyira." Ananyamula yakuda ija, n'kuthyola bondo mpaka pansi. "Iyi ndi yolemera mwaulemu." Anaitula, n'kuloza yonyezimira ndi chibwano. "Iyi ndi yolemera basi."

Nkhope ya a Elifazi inawala. Anali munthu wa mawu, ndipo mawu anawayeza mofulumira. Chinthu cholemera mpaka kuchigwadira, poyerekeza ndi chinthu chongolemera basi, chopambana kulemera n'chiti? Ngakhale mwana wa sukulu akhoza kuyankha. Komanso yonyezimirayo inali yaifupi, ndiponso yooneka yachifumu.

"Ndipatseni ya basiyo."

"Mwandimva bwino, bwana? Ndati yolemera basi."

"Ndamva, mayi, sindine gonthi."

"Basi yake ya basi."

"Kulungani!"

Pa mazenera aliyense ankadziwa chimene chachitika, ndipo panali ena amtima wabwino amene akadatha kuwatsina khutu a Elifazi. Koma kuti uwachenjeze unkayenera kutchula mawu aja, ndipo munthu sakwera phiri chifukwa chofuna kupulumutsa mwini phiri. Anangowatsegulira njira, n'kuwaperekeza mpaka pa galimoto ndi ulemu umene nduna ija inali isanaulandirepo chibadwire.

Kunyumba yachifumu mfumu inangoisuzumira mfutiyo ili m'nsalu, n'kudziona nkhope pa chitsulo chonyezimiracho, n'kukondwa.

"Ndi mmene ndinanenera muja?"

"Ndi mmene munanenera muja, Olemera."

Mfumu sinaigwire, chifukwa mfumu sinyamula kanthu. M'mawa wa Tsiku la Chikondi, wantchito woiveka zovala ananyamula mfutiyo n'kubuula kwambiri, koma popeza ankabuula chimodzimodzi ponyamula sokosi za mfumu, palibe anaganizapo kanthu. Anaikoleka pa lamba n'kugwetsera mkanjo pamwamba. Mkanjowo unali waufupi, wolekeza pamwamba pa maondo, kuti anthu aone thalauza latsopano loyera lochokera kunja. Mfumu inamva kanthu kakukoka cha kumanja, koma inaganiza kuti ndi chakudya cha m'mawa chikufuna malo.

Msika wa Tingopenya unali usanadzazepo chonchi. Anthu anachokera kumidzi yakutali, ena anagona panjira, ndipo wailesi inati chikondi cha chaka chino chaposa zaka zonse. Amayi ovina anandanda ndi zitenje zawo za PALIBE AKUDZIWA. Asilikali kunalibe ngakhale mmodzi, kupatula amuna ambirimbiri ometa bwino amene ankagulitsa tomato atavala nsapato za jombo, osadziwa ngakhale mtengo wake.

Mfumu inatsika galimoto, anthu onse n'kugwada. Inayenda pakati pa mabenchi ikugwedeza litchowa, a Elifazi ali pambuyo pake, maso ali pa thalauza. Pa benchi ya nyemba thalauza linali bwinobwino. Pofika pa usipa, linali litayamba kupinda pa nsapato. A Elifazi anadziuza kuti ndi kasokedwe ka kunja.

Kenako ng'oma zinalira, amayi anayambitsa nyimbo, ndipo Olemera, amene sankatha kumva ng'oma osagwedeza kanthu, anaponya mwendo. Anauponyanso. Anazungulira kamodzi, chiuno chikutsatira mochedwa. Nthungululu zinamveka mpaka kuphiri. Pofika pa nsanja yolankhulira, patsogolo penipeni pa sitolo ya a Nangozo, mfumu inkayenda motangadza miyendo ngati munthu wowoloka mtsinje, koma nkhope ili ngwee ndi chisangalalo.

"Anthu anga!" inayamba motero pa chimkuzamawu. "Mafumu ena amayenda ndi mfuti chifukwa amaopa anthu awo. Ine mfuti yanga ndi chikondi chanu! Ndaima pano pamaso panu lero, manja ali m'mwamba," ndipo inakwezadi manja onse awiri, mimba n'kukwera nawo, "kuti muone nokha kuti ine, Chilemere, ndilibe chobisa!"

Chikhulupiriro cha lamba uja chinathera pomwepo. Thalauza linangoti khwekhwerere mpaka mu akakolo, ndipo mfuti inamenya thabwa la nsanja kuti gu! Mwamwayi sinalire, chifukwa zipolopolo zake zinali zitadutsa m'manja mwa Nduna ya Chitetezo.

Tsono vuto la kulamulira anthu ogwada n'lakuti chilichonse chogwa amayamba kuchiona ndi iwo. Mwambo unkati maso akhale pansi, ndipo pansi pomwepo m'pamene panali thalauza loyera, mfuti yonyezimira, ndi timiyendo tiwiri towonda modabwitsa, toti palibe akadakhulupirira kuti n'timene timasenza ufumu wonsewo.

Mfumu inayang'ana pansi, koma mimba inatchinga. Inamva mphepo yokha. Inatembenuka, maso ali psuu, n'kuiwala kuti chimkuzamawu chili pakamwa.

"Elifazi! Galu iwe! Ndinati yopepuka!"

Mawuwo anamveka msika wonse, n'kukagunda makoma, n'kubwerera. A Elifazi anadumpha kuti akaponde phazi la Fuulani, koma Fuulani anali ataphunzira, tsiku limenelo anaima kutali. Khosi lake linagwira ntchito yake ya zaka zonse.

"Mfumu yathu!"

Kuyankha unali mlandu, kusayankha unalinso mlandu. Ndiye pakhomo pa sitolo ya zitsulo panamveka mawu a mayi mmodzi, omveka bwino, osanjenjemera.

"Yopepuka!"

Mayi wa matemba uja anatsatira. Kenako a nyemba, a makala, a kabaza, amayi a zitenje, mpaka msika wonse unaphulika. "Yopepuka! Yopepuka! Yopepuka!" Mwambo unkati katatu, koma palibe amene ankawerenga. Mawu amene anakhala zaka atatsekeredwa kuseri kwa mano anatuluka ngati mbuzi zotsekuliridwa khola. Agogo ena ankawatchula akulira, ena ankawatafuna pang'onopang'ono kuti amve kukoma. Oimba ng'oma anawapezera kayimbidwe. Fuulani, poona kuti sanayankhidwepo chonchi moyo wake wonse, anatengeka n'kumangobwereza kuti, "Mfumu yathu!" ndipo msika unkamubwezera mosangalala. Ogulitsa tomato a jombo aja anayang'anana kuti agwire ndani, n'kupeza kuti nawonso pakamwa pali pululu, akuyankha nawo.

Mfumu inabwerera ku galimoto itakulungidwa chitenje cha mayi wina wachifundo, mawu akuti PALIBE AKUDZIWA ali kumbuyo kwenikweni.

Bwalo linakumana masana omwewo. Nkhani inali yovuta, chifukwa lamulo linkati "aliyense", ndipo woyamba kutchula mawuwo pagulu anali mwini dziko. Kumanga msika wonse kunali kosatheka, phiri likadachepa, komanso ndani akadatsala woti azigwada? Nduna zinatuluka thukuta mpaka Nduna ya Chitetezo, imene inkafunitsitsa kuti nkhani ya zipolopolo isafike, inapeza nzeru.

"Olemera sangadzinyoze okha," inatero. "Ngati mawuwa atuluka m'kamwa mwawo, ndiye kuti ndi mawu aulemu. Anthu aja samanyoza, amatamanda. Simunaone mmene anasangalalira?"

Mfumu inaganiza. Inali isanaonepo anthu ake akuikuwira ndi mtima wonse chonchija, ndipo pansi pamtima zinaikomera ndithu.

Dzuwa lisanalowe wailesi inalengeza lamulo latsopano. Kuyambira tsikulo kupepuka ndiwo unali ulemu waukulu m'dziko la Ndagwada, ndipo chinthu chilichonse cha mfumu chinali chopepuka. Masikelo anayenera kukonzedwanso. Za dzina lakuti Chilemere anakhazikitsa komiti. Onse a ku Phiri la Ulemu anamasulidwa, popeza zinaoneka kuti anangofulumira kutamanda mfumu boma lisanakonzeke. Koma phiri silingakhale lopanda munthu, ndipo m'dziko lonse munapezeka munthu mmodzi yekha amene kwa zaka zitatu anakakamiza anthu kunena kuti mfumu ndi yolemera, n'kufika poibweretsera chitsulo cholemera pa tsiku la chikondi.

A Elifazi anakwera m'mawa mwake, opanda tayi, opanda munthu wowanyamulira kanthu. M'njira ankakumana ndi anthu akutsika, akuimba, ndipo aliyense ankawapatsa moni mwaulemu, zimene zinkapweteka kuposa kutukwanidwa. Pakati pa phiri anakumana ndi a Nangozo, amene analawirira kukatenga amuna awo. A Yotamu anali atafupika, tsitsi la pakati pamutu litatha, khosi losaonekanso, koma ankaseka ngati mwana, dzanja lili m'dzanja la akazi awo.

A Elifazi anafuna kupatuka, koma njira inali yopapatiza. Anaima atazolika.

"Bwana nduna," anatero a Yotamu, "chaona mnzako chapita." Anachotsa nkhata yakutha imene inali idakali pamutu pawo chifukwa cha chizolowezi, n'kuipereka ndi manja awiri. "Tengani iyi. Kumwambako sagawa."

A Elifazi anailandira. Anayang'ana mulu wa miyala umene unali m'mbali mwa njira, n'kuyang'ana kumwamba kumene inkayenera kukafika, ndipo mawu anawatuluka aang'ono, a munthu wamba weniweni.

"Achimwene, ndiuzeni zoona. Miyala yake ndi yotani?"

"Musade nkhawa, bwana," anatero a Yotamu. "Simunamve wailesi? Miyala ya amfumu masiku ano ndi yopepuka."

A Nangozo anawayang'ana a Elifazi m'maso, n'kuthyola bondo pang'onopang'ono mpaka pansi.

"Yopepuka mwaulemu," anatero.

Ulendo uno a Elifazi anamva. Anaika nkhata pamutu, n'kuwerama.